Laputopu yafa, koma m'mimba mwake muli zinthu za makasitomala

Wa pa Chitakale:
Akuluakulu okonza mafoni, ndipatseniko nzeru. Laputopu ya mu shopu yafa Lachiwiri, magetsi atabwera mwamphamvu. Ikungoyatsa kanyali kenako zii. Ndikuganizira bodi (motherboard, pomwe pamalumikizana zida zonse za m'kati), ndipo za bodi ya laputopu ine si mbali yanga, ndiye ndimati mawa ndiitumize ku Limbe pa minibasi. Koma usiku tulo sindinatione. Mukudziwa kuti tisanaflashe foni (kuikamo software mwatsopano) timayamba takopera zinthu za kasitomala mu laputopu. Ine chiyambire 2021 sindinafufutepo foda ndi imodzi yomwe. Muli manambala, ma voice note, zitupa za unzika zojambulidwa mbali zonse ziwiri, mpaka kaundula wa banki m'khonde yemwe mayi ena ankasunga mu itel yawo. Zithunzi zina sindingatchule pano. Nditumize choncho?

Wa ku Limbuli:
Tumizani basi amwene. Anthu a ku Limbe ali ndi nthawi yotsegula mafoda anu? Si pali pasiwedi?

Mayi a ku Luchenza:
Pasiwedi ya Windows ndi chitseko cha bango, achimwene. Munthu akazula disk n'kuilumikiza ku kompyuta ina, zonse zili poyera, sifunsa kanthu, pokhapokha ngati munayatsa BitLocker, loko wa Windows wokhoma disk yeniyeniyo. Masulani kunsiko, zulani disk, mutumize chigobacho. Bodi adzaiyesa ndi disk yawo. Ndipo inu a ku Limbuli tisanamizane. Ndi angati muno amene sanatsegulepo gallery ya kasitomala ponamizira kuyesa screen? Ngati ife timatero, anzathuwo alekeranji?

Wa pa Chitakale:
BitLocker sindinayatsepo mayi. Zozula disk ndamva.

Madala a ku Bvumbwe:
Kuzula disk kwathetsa za mawa zokha. Funso langa ndi lakuti mafoda a 2021 akutani m'shopu mwanu mpaka lero? Mwini foni anakulolani kukopera kuti mum'bwezere mukamaliza ntchito, osati kuti mum'sungire zaka. Pano kulinso lamulo, Data Protection Act ya 2024, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Mfundo yake siyovuta: zinthu za munthu uzitenge pa chifukwa chodziwika, uzisamale, ntchito ikatha usazisunge. Musamaone ngati linalembedwera mabanki ndi makampani a mafoni okha. Koma tiiwale kaye za lamulo. Chithunzi cha chitupa, nambala ya foni, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa kuti munthu amalandira zingati komanso kuchokera kwa ndani, zonse mu foda imodzi. Wakuba akufunanso chiyani? Amangoimba n'kum'tchula dzina lonse, mudzi wake, ndalama yomwe mwana wake anatumiza kuchokera ku Joni. Gogo wa ku Thekerani angakayike bwanji munthu wodziwa zonsezo?

Wa ku Limbuli:
Madala zanuzo n'zoona, koma kuno ku malire n'kosiyana. Kasitomala wa ku Milange amabwera patatha miyezi itatu, foni yagweranso m'madzi, akufuna zithunzi za ukwati. Ndikamupezera mu laputopu amandiona ngati mngelo, n'kundibweretseranso anzake. Ndikafufuta ndataya msika.

Mayi a ku Luchenza:
Msikawo simuutaya, mungosintha posungira. Ine ndimagulitsa memory card pomwepo. Ndimakopera zinthu zake m'menemo iye akuona, ndamupatsa m'manja, zanga ndafufuta iye ali chiimire. Phindu la memory ndapeza, katundu wa eni wapita ndi eni. Wokana kugula ndimalemba pa lisiti kuti ndisunga masiku 14, asayine. Tsiku la malipiro a ku esiteti anthu amadzaza mpaka pakhonde, ndiye ndimachita kulemba tsiku pa dzina la foda kuti ndisaiwale.

Mnyamata wa pa Goliati:
Pepani akuluakulu ndilowererepo, ndine wamng'ono muno. Kufufuta wamba sikuchotsa kanthu pa hard disk. Ngakhale mukhuthule Recycle Bin, pulogalamu ya Recuva imabweza zambiri, tonse timaigwiritsa ntchito pa ma memory a makasitomala. Pamafunika kulemba zina pamwamba pake. Mu Windows muli lamulo lolembera kompyuta (command) la cipher /w lomwe limapukuta malo a pa disk omwe munali zofufutidwa, kungoti limachedwa, muliyambe magetsi akangobwera. Chinanso bwana a pa Chitakale, Chrome yanu. Makasitomala angati analowa Gmail yawo pa laputopu imeneyo pofuna manambala awo? Ngati munadina Save, mapasiwedi awo ali momwemo. Ndipo Gmail si makalata okha, muli Google Photos, manambala onse, ena mpaka malo omwe amayenda.

Madala a ku Bvumbwe:
Mwanayu walankhula. Onjezani WhatsApp Web. Aliyense amene munamulumikiza, muuzeni atsegule Linked devices atulutse kompyuta yanuyo. Komanso a Samsung anaika Maintenance mode kuyambira One UI 5 (software ya mafoni awo), imabisa zinthu za mwini foni ife tikamakonza. Kasitomala akabwera ndi yotere muonetseni, ngakhale kuno zambiri ndi Tecno ndi itel.

Wa ku Limbuli:
Za memory card ndiyesa. Koma 14 yachepa kwa anthu anga, ine ndiika 30.

Wa pa Chitakale:
Ndamasula m'mawa uno. Mwayi wake disk ndi yozula, si zomatirira pa bodi zija. Ndaiika mu kesi ya USB, ikuwerenga bwinobwino pa kompyuta ya mlamu wanga, chigoba chapita ku Limbe. Mafoda ndayamba kuwaona mayina okha, osatsegula. Ambiri ndinkangolemba "bambo a njinga Tecno" kapena "mtsikana wa salon", eni ake sindingawapezenso, amenewo ndipukuta. Mayi a banki m'khonde aja nambala yawo ndaipeza m'buku la malisiti, ndawaimbira. Anayamba adabwa kuti kaundula wawo akadali kwa ine, mawu anachita kusintha. Akubwera Loweruka ndi memory yawo. Iwe wa pa Goliati, cipher ija ndilembe bwanji ngati disk ikuoneka ngati E?