Ndidikirebe nchito ya boma kapena ndilowe kopaletivu?

Wakapata92:
Anzanga ndithandizeniko nzeru. Diploma ya uphunzitsi ndinatsiriza mu 2021, pomwe boma la Zambia linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022 ine mwayi sunandigwere, mpaka manje ndikali kuyendetsa njinga yamoto ya amalume kuno ku Chipata, kunyamula anthu ku Kapata, Saturday Market, nthawi zina mpaka ku Mwami, madzulo ndikawapatsa zawo nkugula petulo mthumba mutsala ya ndiwo chabe. Anzanga atatu akuti tipange kopaletivu tifunsire ndalama za CDF, zija boma limapereka za chitukuko pa constituency iliyonse. Zimathandizadi kapena nkutaya nthawi?

Amake_Tiyanjane:
Achimwene ndalamazo ziliko, osanamizidwa. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 anaikweza kufika K25.7 miliyoni, koma musaone ngati yonse ndi ya achinyamata, yambiri imapita ku makalasi, zipatala ndi ma bursary. Ife ku Katete gulu lathu tinalandira, tinagula anapiye 300. Kenako chilala cha 2024 chija, madzi ku Kariba atsika, malaiti kuzima tsiku lonse, anapiye kuunjikana pakona chifukwa cha kuzizira ife tikuwayatsira mbaula usiku, chakudya cha nkhuku nacho kukwera mtengo. Titagulitsa zotsalazo wina akuti tigawane, wina akuti tigule ena. Gulu linathera pomwepo kkkk. Lowani ndi anthu omwe munadyapo nawo chilimba nkuona kuti sathawa.

Mdala_wa_Lundazi:
Mwana wanga, boma silingalembe tonse. Dziko lino linalephera kubweza ngongole mu November 2020, nchifukwa chake mu 2022 tinapita ku IMF kukatenga 1.3 biliyoni ya madola, ndiye wangongole salemba antchito mmene afunira. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti kuno ku Eastern timalima nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje, koma zambiri zimakwera thiraki pa Great East Road zili zosakonza, mafuta ophikira nkubwera kuchokera ku Lusaka ali mu botolo ife nkugula modula. Nchito yoyenga, yoika mmabotolo, yomata mapepala, yonse yapita ndi thirakiyo. Onani a COMACO, kampani yogula mbewu kwa alimi, chiponde cha It's Wild amapangira konkuno ku Chipata ndi nshawa za alimi athu omwewa. Njanji ya Chipata-Mchinji anaitsegula mu 2010 kuti katundu azifika ku Nacala, koma tikweza chani ngati sitipanga kanthu? Mukapanga gululo gulani kachigayo koyengera mpendadzuwa, nkhuku aliyense akuweta.

Zuze_wa_njinga:
Adala mwalankhula zoona koma kachigayoko kayendera chani malaiti akapita? Dizilo? Komanso kugula mbewu kufuna ndalama pamanja, mavenda amafika pamudzi ndi sikelo mu May mlimi alibe ngakhale ya sopo, iwe uli kudikira cheke. Ine ndinene kuti njingayo osaisiya aise, usanalembe mapepala pita kaye kwa azimayi okazinga vitumbuwa ndi a tuntemba uwafunse ngati angagule mafuta ako komanso pa zingati.

Wakapata92:
Zikomo nonse. Amake Tiyanjane mwandiopsa, mmodzi mwa atatuwo ali ndi K200 yanga kuyambira Khirisimasi. Mawa ndikatula kasitomala ku Saturday Market ndifunsako azimayi aja. Mafomu a aphunzitsi akatuluka ndidzalembabe, amayi sangandimvetse ndikasiya.