Kutenthetsa dziwe losambiramo nyengo yozizira kumadya magetsi ochuluka bwanji?

Abale, ndigawireniko nzeru. Pakhomo tili ndi kadziwe kosambiramo kolowa madzi malita 15,000. Kukazizira madzi amatsika mpaka madigiri 16, ana amangoviika chala n'kuthawa. Ndikufuna azifika pa 27.

Ndawerengera motere: kukweza malita 1,000 ndi digiri imodzi kumafuna mayunitsi a magetsi 1.16, ndiye kwathu ndi mayunitsi pafupifupi 190 pongoyambira chabe. Chondidetsa nkhawa ndi kuwasunga ali otentha, poti kutentha kochuluka kumathawa ndi nthunzi, makamaka usiku kukakhala mphepo. M'mamawa umachita kuiona ikufuka pamwamba pa madzi.

Inu amene muli ndi heat pump (makina otenthetsa madzi pokoka kutentha kwa mumpweya wakunja), kodi imaperekadi kutentha kowirikiza kanayi kapena kasanu pa yuniti iliyonse ngakhale kunja kuli chisanu, kapena mphamvu yake imatsika kwambiri? Hita wamba yamagetsi ndaikana kale, imeneyo yuniti imodzi imabweza imodzi basi.

Nanga chovindikira chapulasitiki chija chokhala ndi timatuza chimachepetsadi bilu mooneka? Za mapaipi akuda oyala padenga otenthetsera madzi ndi dzuwa ndikukayika, dzuwa la nyengoyi n'lofooka. Inuyo pamwezi mumathera mayunitsi angati?