Nsikidzi ndi udzudzu zatikwana, thandizeni nzeru

Abale anga thandizeni, kuno ku Ndirande chiyambireni mvula udzudzu wachuluka koopsa, kuseri kwa nyumba kuli ngalande madzi amangoima osayenda ndiye alandilodi akungoti aona. Udzudzuwo bola, tikugona mu neti, koma nsikidzi ndiye ayi, zikubisala m'misoko ya matilesi ndi m'ming'alu ya bedi, mwana akungokhalira kudzikanda usiku wonse. Ndathirapo madzi otentha, matilesi kuyanika padzuwa, mankhwala opopera a mugolosale aja, zimasowa pang'ono kenako mazira akaswa basi zabwereranso. Aneba akuti ndikagule mankhwala a thonje kumsika koma ine mantha, m'nyumba muli kamwana kokwawa. Alipo anathana nazo osaika ana pachiswe? Nanga opopera enieni aja amatchaja zingati zipinda ziwiri, ndipo akapopera timakhala panja maola angati?