Ndere zadzadza mu thanki yanga ya mbuna

Wa ku Lizulu: Abale ndithandizeni, thanki yanga ya mbuna yamera ndere zobiriwira zazitali ngati tsitsi, zakuta miyala yonse mpaka galasi, ndikazula Loweruka pofika Lachitatu zabwereranso, zikundiwawa zedi chifukwa nsombazi ndimazikonda.

Wa pa Dedza boma: Achimwene, thankiyo ili pawindo eti? Dzuwa ndi limene likuzikulitsa. Ichotseni pamenepo, getsi liziyaka maola 6 basi.

Mayi a ku Bembeke: Komanso chakudya mwana wanga, mukamathira chambiri chotsalacho chimaola pansi nkusanduka manyowa a ndere. Ine ndimazikulunga ndi mswachi wakale ngati ndikupota ulusi, kenako sabata iliyonse ndimachotsako kotala la madzi nkuthira ena abwino.

Wa ku Lizulu: Ilidi pawindo, koma ndiyolemera ndekha sindingainyamule, lero ndiyamba ndatseka katani. Chakudyanso ndichepetsa amayi, zikomo kwambiri.