Kodi ku Leeds ndingapeze kuti uphungu waulere pa nkhani ya mabenefiti?

Moni nonse abale ndi alongo okhala kuno ku UK. Zandivuta, ndithandizeni maganizo.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, koma msana wandigoneka ndipo ndili pa Statutory Sick Pay (ndalama yomwe abwana amakulipira ukadwala), yomwe imalekera pa masabata 28. Yanga yatsala pang'ono kutha, pomwe lendi ndi council tax (msonkho wa khonsolo) sizikudikira munthu. Ineyo ndili ndi indefinite leave to remain (chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale), koma bambo a kunyumba ali pa spouse visa yolembedwa "no recourse to public funds", kutanthauza kuti saloledwa kulandira mabenefiti ambiri a boma. Tili ndi ana awiri. Ndikuganiza zolembetsa Universal Credit, thandizo la ndalama la boma kwa opeza zochepa, koma mantha anga ndi akuti amafunsa za banja lonse, ndiye ndikuopa kuti dzina lawo likalowa pa fomuyo lingadzasokoneze viza yawo pokaiwonjezera. Viza imeneyi tinaivutikira, sindingaiseweretse.

Ndayesa calculator ya mabenefiti ya pa intaneti ya bungwe la Turn2us, yandipatsa chithunzithunzi cha ndalama, koma funso langa ndi la viza. Ndinaimbira loya wina, akufuna ndalama ndisanayambe n'kulongosola komwe. Kutchalitchi aliyense akunena zake, wina akuti lembetsani, wina akuti musayerekeze.

Tsono funso langa ndi ili: alipo amene anapitako ku Citizens Advice kapena ku law centre (malo opereka uphungu waulere) ndi nkhani ngati yangayi, n'kukumana ndi munthu wodziwa zonse ziwiri, mabenefiti ndi za imigireshoni? Amafuna mapepala ati? Nanga poti malipiro oyamba a Universal Credit amatenga pafupifupi masabata 5, ndilembetse panopa kapena ndidikire sick pay ithe kaye?

Zikomo kwambiri.