Gulu la Banja: Hilux ikutentha, chiliza chayandikira

Malume Yohane: Mwadzuka bwanji nonse. Chiliza cha mayi ku Ntcheu chikadali pa 18 Okutobala monga tinagwirizanirana, koma galimoto yatidwalira. Dzulo Limbani ali pa mzere wa dizilo ku Limbe, singano ya geji inakwera mpaka pofiira, madzi n'kuyamba kubwata m'kabotolo kam'mbali mwa radiyeta. Simenti ndi matailosi zonse zikudikira Hilux yomweyi.

Mayi a Chisomo: Mayo ine achimwene! Abusa ndi amfumu tawauza kale tsiku, kusintha sikungatheke.

Alamu a Fred: Imeneyo ndi gasiketi ya pa hedi ya injini yapsa alamu, musatayenso nthawi. Apo ayi mungochotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi mu injini kaja, madzi aziyenda momasuka. Ma minibasi ambiri amayenda choncho.

Chisomo Joni: Moni amalume, moni nonse. Ndisanavomereze za gasiketi ndifunse kaye. Limbani msuweni, imatentha nthawi zonse kapena pokhapokha ikaima injini ikulira?

Limbani: Ikaima basi. Nditachoka pa mzere paja n'kulowa mumsewu wa Chipembere, singano inatsika yokha kubwerera pakati. Sabata yatha ndinapita ku Lunzu ndi katundu, sinakwere ngakhale pang'ono. Koma ndikangoima pa jamu kwa mphindi zingapo yayamba.

Chisomo Joni: Ndiye nkhani ili pamenepo. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa radiyeta. Ikaima, ntchito yonse yokoka mphepo imatsalira fani. Ikamatentha poima koma n'kumazizira poyenda, woyamba kumukayikira ndi fani ndi njira ya mphepoyo. Gasiketi ikapsa vuto limakula kwambiri pa mtunda ndi pa katundu, silichepa.

Chisomo Joni: Injini ya Hilux ija, ya mtundu wa 3L, fani yake si yamagetsi. Imazungulira ndi lamba, koma pakati pake pali chimbale cha aluminiyamu chokhala ndi mafuta a silicone mkati. Mphepo yochokera mu radiyeta ikatentha, kasipuling'i kakutsogolo kwa chimbalecho kamatsegula njira ya mafuta aja, fani n'kugwira mwamphamvu. Mafutawo akatha kapena kudontha, fani imaonekabe ikuzungulira koma sikoka mphepo yokwanira. Anthu ambiri amanyengeka pamenepa chifukwa akatsegula boneti amaiona ikuyenda.

Tadala: Achimwene, ife osadziwa za injini tingomva kuti ndalama zingati 🙏

Chisomo Joni: Dikira pang'ono mlongo wanga, tiyambe tadziwa matenda. Limbani, panopa injini yazizira?

Limbani: Sinalire kuyambira usiku.

Chisomo Joni: Chabwino. Tsegula chivindikiro cha radiyeta, uone ngati madzi ali odzaza ndi mtundu wake. Tsegulanso pothirira oyilo, uone ngati pansi pa chivindikirocho pali phala lotuwa ngati tiyi wamkaka. Kenako liza injini radiyeta ili yotsegula, uyang'ane ngati mukutuluka thovu losalekeza. Ukatero tseka, uisiye ilire mpaka singano ifike pakati, uzimitse, uchotse kiyi, ndiye uzungulitse fani ndi dzanja. Injini ikatentha usayerekeze kutsegula chivindikiro cha radiyeta, madziwo amatumphuka n'kuwotcha nkhope.

Limbani: Ndachita zonse. Madzi anachepa pang'ono, ndipo ndi ofiirira ngati dzimbiri. Oyilo ndi wakuda bwinobwino, palibe phala. Thovu palibe, utsi woyera kumbuyo palibenso. Koma faniyo ndangoikankha ndi chala, yazungulira yokha kangapo injini ili yotentha. Pachimbale paja pali mafuta osakanikirana ndi fumbi.

Chisomo Joni: Yafa imeneyo. Yamoyo ikatentha imalimba, ukaikankha imaima pompo. Taunika ndi tochi pakati pa gilu ndi radiyeta. Chiplasitiki chozungulira fani chilipo?

Limbani: Chinasweka mbali imodzi, theka lake palibe. Ndipo kutsogolo kwa radiyeta kwadzaza mankhusu ndi njere za udzu, mwina za nthawi imene tinkatuta chimanga.

Chisomo Joni: Ndiye zinthu zitatu zagwirizana. Chiplasiticho ndi chimene chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera mu radiyeta, popanda icho imangokoka ya m'mbali. Alamu a Fred, thermostat tisachotse. Popanda iyo injini ya dizilo imachedwa kutentha m'mawa, imadya mafuta ambiri ndi kutha msanga, pomwe vuto la fani likhalabe pomwepo. Kuiyesa ndi kosavuta: kuiviika m'poto wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanabwate, pa digiri imene inalembedwa pathupi pake.

Alamu a Fred: Zamveka. Nanga kungoimanga faniyo ndi mabawuti kuti izizungulira nthawi zonse? Amakaniko ena amatero.

Chisomo Joni: Imaziziritsa ndithu, koma imachita phokoso, imalanda mphamvu ndipo imalemetsa bering'i ya pampu ya madzi. Za pangozi panjira zimenezo. Chimbalecho ngati ndi cha masikuluwu chimatsegulika n'kuthiramo silicone watsopano, koma poti chikudontha kale ine ndingakonde china. Ndigula kuno ku Joni mawa pamodzi ndi chivindikiro cha radiyeta cholembedwa 0.9, ndipatsira mnzanga wokwera basi ya Lachinayi.

Malume Yohane: Wachita bwino mphwanga. Hedi ya injini imeneyi ikang'aluka ndi kutentha, ndalama yake ingadye chiliza chonse. Limbani, galimoto isatuluke pampanda mpaka zipangizo zifike.

Chisomo Joni: Kumeneko mufune chiplasitiki cha fani ku masipeyala a ku Ndirande kapena ku Limbe, ngakhale chakale bola chathunthu. Radiyeta ichotsedwe, itsukidwe mkati ndi kunja, madzi azipopera kuchokera kumbuyo kuti mankhusu atulukire komwe analowera. Lamba wa fani amuonenso ngati sanakhwepe. Ndipo madzi a pamjigo asiyeni, ndi amene abweretsa dzimbiri lija. Muthire coolant, madzi apadera oziziritsira injini.

Tadala: Ndiye ndikulemba chonchi: achimwene a Chisomo agula chimbale ndi chivindikiro. Zotsalazo, kutsuka radiyeta, coolant, chiplasitiki ndi makaniko, tisonkhe K25,000 khomo lililonse pa Airtel Money kapena Mpamba yanga pofika Lachitatu. Ndalama ya simenti sitikhudza. Ikatsala ipita ku ndiwo za pa tsikulo.

Mayi a Chisomo: Yanga nditumiza madzulo ano. Koma ikakonzedwa muiyese kaye, musakaiyesere pa Zalewa ndi simenti kumbuyo. Kumeneko mwezi uno kumatentha koopsa ndipo pa rodibuloko mumaima, pa Chingeni mukaimanso.

Chisomo Joni: Zoona amayi. Limbani, ikatha uisiye ikulira pabwalo masana kwa mphindi 30, maso pa geji. Uyenera kumva fani ikuyamba kuuma mwamphamvu kenako n'kuchepa. Panjira utenge chigubu cha madzi, ndipo singano ikadutsa pakati uyatse hita mpaka kumapeto, uime pambali.

Limbani: Ndamva. Basi ikafika ndikatenga katunduyo ku Wenela, Loweruka m'mawa ndili kwa makaniko.

Malume Yohane: Ikayenda bwino, simenti ipite Lolemba kuti omanga ayambe. Alamu a Fred, mukwera ndi Limbani ulendo woyambawo?

Alamu a Fred: Ndikwera alamu. Anditengere pa Lunzu 6 koloko.