Chi-Gaulish chinafa kalekale, nanga matanthauzo a mawu ake amawapeza kuti?

Nambewe wa ku Lyon:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Loweruka ndinapita ndi mwana wanga kunyumba yosungira zakale ya Lugdunum kuno ku Lyon, m'dziko la France. Tinaima nthawi yaitali pa kalendala ya mkuwa imene anaifukula ku Coligny mu 1897, zidutswazidutswa, n'kuzilumikiza. Ili ndi miyezi 62 ya zaka 5, ndipo mayina ake ndi a Chi-Gaulish, chimene ankalankhula kuno Chilatini chisanachimeze. Mwezi wina dzina lake ndi Samonios, wina Giamonios. Mwana anandifunsa kuti, "Amayi, wawauza ndani tanthauzo lake, poti eni ake kulibe?" Ndinasowa chonena, ndipo mpaka lero zikundisowetsa mtendere. Kodi akatswiriwa amadziwadi, kapena amangopeka?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, mwana wanuyo wafunsa funso la munthu wamkulu. Njira yake ndi yofunsa kwa abale a malemuyo amene adakali moyo. Chi-Irish, Chi-Welsh ndi Chi-Breton n'za mtundu umodzi ndi Chi-Gaulish. M'Chi-Irish chakale nyengo yotentha ndi sam, m'Chi-Welsh ndi haf, pakuti s wa kumayambiriro kwa liwu kwa iwo anasanduka h. Nyengo yozizira Chi-Welsh chimati gaeaf. Mukaika mawuwa pambali pa Samonios ndi Giamonios, chibale chikuonekeratu. Mmene zinenerozi zimayenderana anazilongosola Johann Kaspar Zeuss mu 1853.

Koma musasakanize zinthu ziwiri. Pali mawu amene anawapeza olembedwadi pa mkuwa, pa mtovu kapena pa phale. Palinso mawu amene akatswiri amachita kuwamanga poyerekeza zinenero, ndipo otere amawaika kanyenyezi kutsogolo, monga *ekwos, hatchi.  Chimene tili nacho ndi ech wa Chi-Irish chakale, ebol wa Chi-Welsh amene ndi mwana wa hatchi, ndi Epona, mulungu wamkazi wa mahatchi. Ndi mmenenso Carl Meinhof ndi Malcolm Guthrie anachitira ndi zinenero zathu, kuika munthu, umuntu ndi mtu pamodzi kuti apeze kholo lake.

Achimwene a ku Cardiff:
Achemwali, ine za kanyenyezizo sindizitsata kwambiri, koma Chi-Welsh ndakhala ndikuchiphunzira madzulo ndikaweruka, chaka chachitatu tsopano. Chimene chinandigwira mtima ndi kamwala kobooka pakati, kamene amayi ankaika pa kamtengo kopotera ulusi. Anakapeza ku Autun, ndipo panalembedwa kuti nata vimpi curmi da, ambiri amamasulira kuti mtsikana wokongola, patse mowa. Nditaona curmi thupi linachita tsemwe, chifukwa mowa kuno amati cwrw, ndipo ndimaliona liwuli pa zikwangwani tsiku ndi tsiku. Zaka pafupifupi 2,000 zadutsa, koma ndinalizindikira popanda wondiuza.

Kenako muone za oumba mbiya a ku La Graufesenque, pafupi ndi Millau. Ankakanda pa mbale kuwerengera katundu amene alowetsa mu ng'anjo, ulendo woyamba, wachiwiri, mpaka wa 10. Ulendo wachinayi analemba petuar-, wachisanu pinpetos, wa 10 decametos. Kuno timawerenga pedwar, pump, deg. Ansembe a eni Chi-Gaulish, otchedwa ma druid, Julius Caesar analemba kuti sankalola kuti chiphunzitso chawo chilembedwe, ndiye chinapita nawo kumanda. Amene anatisungira manambala ndi anthu a matope m'manja, ofuna kuti mnzawo asawabere mbale.

Nachisale:
Ndikuvomereza zonsezi, koma mayi, chenjerani ndi zimene zili pa intaneti. Anthu ena amatenga mawu a kanyenyezi, n'kuchotsa kanyenyeziko, n'kumalemba nawo mapemphero ngati kuti anawatola pa mwala. Zimenezo zimandipweteka, chifukwa zimafafaniza ntchito ya anthu amene athera moyo wawo pa chilembo chimodzi chofufutika. Ngakhale Samonios wanuyo, tsinde lake likudziwika, koma akatswiri amatsutsanabe ngati mweziwo unkagwa m'nyengo yotentha kapena chakumayambiriro kwa November, nthawi ya chikondwerero cha Samhain cha ku Ireland. Kapepala ka mtovu ka ku Chamalières ka 1971 ndi ka ku Larzac ka 1983 timawerengeka, komabe mizere yambiri aliyense amaimasulira mwake. Pa ka Larzac pali matir ndi duxtir, mayi ndi mwana wamkazi, ndipo apa pokha mkangano ndi wochepa. Poti Chifalansa mumachimva, pezani dikishonale ya Xavier Delamarre. Liwu lililonse amasonyeza kumene linapezeka.

Nambewe wa ku Lyon:
Zikomo nonse, mwandimasula. Usiku uno ndamuwerengera mwana matir ndi duxtir, ndipo wakhala akundiitana matir mpaka kukagona. Dikishonaleyo ndikaifunsa ku laibulale Lolemba. Bambo Mphunzitsi, pa kalendala paja miyezi ina analemba MAT, ina ANM. Kodi pamenepa napo Chi-Irish chingatithandize?

Mphunzitsi Wopuma:
Chingathandize, mayi. Chi-Irish chimati maith, chabwino, ndipo an- ndi wotsutsa. Miyezi ya MAT ili ndi masiku 30, ya ANM yambiri ili ndi 29. Mukapitanso mukawerenge timabowo ta m'mbali mwa masikuwo, mwanayo akuthandizeni.